Mati Diop: Wosewera M'filimu Amene Anapita Kuseri kwa Kamera

Filimu ikangotha, pagalasi la kanema pamayamba kuyenda mayina ambirimbiri a zilembo zing'onozing'ono. Kunyumba, imeneyo ndi nthawi youza ana kuti akagone. Ku vidiyo sho ya pamsika, mnyamata wapakhomo amakhala atatsegula kale chitseko, akutolera ndalama za filimu yotsatira. Palibe amene amatsalira kuti awerenge mayinawo. Chimene timapita nacho kwathu ndi nkhope. Tchulani Patience Ozokwor kwa munthu wokonda mafilimu a ku Nigeria, akusimbirani za apongozi ovuta amene mayiyu amakonda kusewera. Tchulani Jackie Chan, ana ayamba kuponya zibakera m'malere. Koma funsani kuti ndani anaganiza zoti kamera iime apa osati apo, ndani anati mayi uja alire chamumtima m'malo mogubuduka pansi, anthu angoyang'anana.

Nkhani ino ikusimba za Mati Diop, mayi wa ku France amene anthu anayamba kumudziwa ndi nkhope, iye n'kusankha ntchito ya munthu wosaoneka uja. Posankha choncho ananyamulanso kamera yake kuchoka nayo ku Paris kupita ku Senegal, kwawo kwa bambo ake, ndipo mafilimu amene anamutchukitsa anachokera kumeneko.

Wosewera ndi wotsogolera

Pa filimu iliyonse pali anthu amene timawaona ndi ena amene sitiwaona. Oonekawo ndi osewera, amene amavala moyo wa munthu wina kwa masabata angapo. Mwa osaonekawo, wamkulu ndi wotsogolera filimu, amene anthu a ntchitoyi amamutcha dayirekita. Ntchito yake ikufanana ndi ya wotsogolera kwaya kutchalitchi: amafulatira mpingo, mawu ake samveka, koma nyimbo anasankha ndi iye, mawu anagawa ndi iye, ndipo dzanja lake ndi limene likunena kuti apa tsitsani, apa kwezani.

Filimu imayamba ndi nkhani yolembedwa papepala, yosonyeza malo, zochitika ndi mawu amene aliyense adzayankhule. Kenako pamafunika ndalama, ndipo wozisaka ndi munthu wina, pulojusa. Zikapezeka, wotsogolera amasankha osewera ndi malo n'kuyamba kujambula. Ambiri sadziwa kuti filimu sijambulidwa motsatira ndondomeko ya nkhani. Maliro angajambulidwe Lolemba, ukwati wa malemuyo n'kujambulidwa Lachisanu, malinga ndi malo amene apezeka ndi mmene kunja kwachera. Kachigawo ka mphindi imodzi kangabwerezedwe kakhumi. Wosewera amangodziwa gawo lake. Amene wasunga filimu yonse m'mutu ndi wotsogolera. Kujambula kukatha, iye amakhala miyezi m'chipinda ndi katswiri wolumikiza zidutswa pa kompyuta, akusankha chotsala ndi chotayidwa. Wosewera angathe kukhetsa misozi yeniyeni tsiku lonse, tsiku loonera n'kupeza kuti gawo lija analitaya.

N'chifukwa chake osewera ena, makamaka amayi, amatopa nako kudikira kuti wina awasankhe. Ku France njira imeneyi ndi yakale. Musidora, amene anatchuka mu 1915 ndi filimu ya zigawozigawo yotchedwa Les Vampires, anayamba kutsogolera mafilimu ake pa nthawi imene mafilimu anali asanayambe kutulutsa mawu. Jeanne Moreau anachita chimodzimodzi mu 1976 ndi Lumière, Nicole Garcia mu 1990, ndipo Maïwenn analandira mphoto ku Cannes mu 2011 chifukwa cha Polisse. Ngakhale ku Malawi, Joyce Mhango Chavula anayamba ndi zisudzo asanatsogolere Lilongwe, filimu imene inapata mphoto ya Africa Magic mu 2016.

Chimene chimapeputsa zinthu ku France ndi mmene boma linakonzera nkhani ya ndalama. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pa tikiti iliyonse yolowera m'nyumba yoonetsera mafilimu amadulapo msonkho, masiku ano wopitirira pang'ono 10 peresenti, umene umapita ku bungwe la boma lotchedwa CNC. Bungweli limabwezera ndalamazo kwa opanga mafilimu, kuphatikizapo ongoyamba kumene. Motero munthu amene walipira kuti aonere filimu ya nkhondo ya ku America mumzinda wa Lyon waponyako kangachepe, mosadziwa, kwa mtsikana amene akulemba filimu yake yoyamba.

Mwana wa ku Paris

Mati Diop anabadwira ku Paris pa 22 Juni 1982. Mayi ake ndi mzungu wa ku France, bambo ake ndi Wasis Diop, woyimba wa ku Senegal. Mkulu wake wa Wasis, amene kwa Mati ndi bambo aakulu, anali Djibril Diop Mambéty, mmodzi wa akatswiri olemekezeka kwambiri opanga mafilimu mu Africa. Filimu yake ya mu 1973, Touki Bouki, imaphunzitsidwa m'masukulu a mafilimu mpaka lero, ndipo ina, Hyènes, inapikisana nawo ku Cannes mu 1992, nyimbo zake atapeka ndi Wasis yemweyo.

Wina angaganize kuti mwana wobadwira m'banja lotere anapeza njira yolambula kale. Sizinali choncho kwenikweni. Mambéty anamwalira mu 1998, Mati ali ndi zaka 16. Ali wamng'ono ankapita ku Dakar kukacheza kwa abale, koma atasinkhuka maulendowo anatha, moti panadutsa zaka pafupifupi khumi osapondako. Iye mwini wakhala akuuza atolankhani kuti pa zaka zimenezo moyo wake unali wa pakati pa azungu, ndipo mbali yake ya ku Africa anaitalikira.

Anajambula kafilimu kake koyamba, Last Night, mu 2004. Mu 2006 analowa m'gulu la achinyamata aluso la ku Palais de Tokyo ku Paris, kenako anakaphunzira ku Le Fresnoy, sukulu ya zaluso ya mumzinda wa Tourcoing kumpoto kwa France. Choncho kamera anali ataigwirapo kale asanaime kutsogolo kwake. Kungoti tifilimu totere timaoneredwa ndi anthu owerengeka, ndipo dzina lake linali lisanamveke.

Bambo ndi mwana wake

Amene anamutulutsira poyera ndi Claire Denis, mayi wotsogolera mafilimu amene, ngakhale ndi mzungu, anakulira ku Cameroon, Djibouti ndi mayiko ena a mu Africa kumene bambo ake ankagwira ntchito m'boma la atsamunda. Mu 2008 Denis anatulutsa 35 rhums, dzina lonena za matambula 35 a mowa waukali wa nzimbe, ndipo anapatsa Mati gawo la Joséphine.

Nkhani yake ndi yofatsa moti munthu wozolowera mfuti ndi magalimoto othamangitsana angayambe kuwodzera. Lionel, amene anaseweredwa ndi Alex Descas, ndi bambo wachikuda amene mkazi wake anamwalira, woyendetsa sitima yapamtunda yonyamula anthu opita kuntchito ku Paris. Amakhala ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Joséphine, wophunzira pa yunivesite. Madzulo amadya mpunga awiriwiri, mawu ochepa. Onse akudziwa kuti tsiku likubwera loti mwanayo achoke pakhomo, koma palibe amene akufuna kuyambitsa nkhaniyo. Denis anatengera maganizowa pa filimu ya ku Japan ya mu 1949 ya Yasujiro Ozu. Gawo limene anthu saliiwala ndi la usiku wina wamvula, galimoto itawafera panjira, iwo n'kuusa m'kabala kakang'ono. Nyimbo ikulira, Lionel akuvina ndi mwana wake, kenako mnyamata woyandikana nawo nyumba akubwera n'kumulandira mtsikanayo m'manja mwa bambo ake. Palibe akuyankhula. Kamera ikungoyang'ana nkhope ya bamboyo, ndipo woonera akumva zonse.

Mati anaphunzirapo kuti nkhope, dzanja ndi nyimbo zingathe kusenza nkhani popanda mawu, ndipo mafilimu ake onse amayenda motero. Koma panalinso china chokhudza iye mwini. Kusewera mwana wa bambo wachikuda, pakati pa osewera ambiri achikuda, m'filimu imene sinawaonetse ngati ovutika kapena zigawenga koma ngati banja wamba lodya mgonero, kunamukumbutsa kuti naye ndi mwana wa munthu wa ku Africa. Kujambula kutatha, anauyamba ulendo wa ku Dakar.

Kusewera sanakusiyiretu. Anaonekanso mu Simon Killer ya Antonio Campos mu 2012, imene anathandiza nawo kupeka nkhani yake, mu Hermia & Helena ya Matías Piñeiro wa ku Argentina mu 2016, ndi m'kagawo kakang'ono m'filimu ina ya Denis mu 2022. Koma mtima unali utapita kale kwina.

Anyamata a pa bwato

Dakar imene anaipeza inali yolira ana ake. Mu 2006 mokha, anthu oposa 30,000 ochokera kumadzulo kwa Africa anafika pa zilumba za Canary, zimene ndi gawo la Spain, atawoloka nyanja ya Atlantic pa mabwato amatabwa a asodzi okhala ndi injini kumbuyo. Kuchokera ku Senegal ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500, ulendo wa sabata yathunthu kapena kupitirira. Ambiri anamira panjira, mitembo yawo osapezeka. Achinyamata anali ndi mawu awoawo, akuti Barça kapena Barsakh: kukafika ku Barcelona, apo ayi kudziko la akufa. Nsomba zinkachepa m'nyanja chifukwa cha zombo zikuluzikulu zakunja, ntchito kumtunda kunalibe, ndipo amene anawoloka kale ankatumiza ndalama zomangira nyumba, otsala n'kumaoneka ngati amantha.

Mati anakhala ndi anyamata angapo usiku akuwotha moto, mmodzi wa iwo atangobwezedwa kumene kuchokera ku Spain, n'kujambula macheza awo. Mnyamatayo ankasimba zoopsa za panyanja, komabe ankanenetsa kuti apitanso. Kafilimu kameneka, Atlantiques, ka mphindi pafupifupi 15, kanatuluka mu 2009 ndipo chaka chotsatira kanapata mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Rotterdam. Pa wailesi ndi pa TV za ku Ulaya, anyamata otere ankangotchulidwa ngati chiwerengero. Apa anayankhula okha, m'chiyankhulo chawo cha Wolof.

Panabwera tifilimu tina, Snow Canon mu 2011 ndi Big in Vietnam mu 2012, koma poyenera kuimapo ndi pa Mille Soleils ya mu 2013, chifukwa m'menemo ndi mmene anakumana ndi ntchito ya malemu bambo ake aakulu aja. Mu Touki Bouki muli Mory, mnyamata woweta ng'ombe woyenda pa njinga yamoto yomangirira nyanga kutsogolo, ndi bwenzi lake Anta. Awiriwa akulota za Paris, akuba ndi kupusitsa anthu kuti apeze ya ulendo. Padoko, sitima ili pafupi kunyamuka, Anta akukwera koma Mory akubwerera, liwiro kulowera mumzinda. Chodabwitsa n'chakuti moyo unatsanzira filimu: Magaye Niang, amene anasewera Mory, anatsaladi ku Senegal, pamene mtsikana amene anasewera Anta anapitadi kunja mpaka kukafika ku Alaska. Patatha zaka 40, Mati anamufunafuna Magaye n'kumujambula ali ndi imvi, akupita kukaonera filimu ya unyamata wake ikuonetsedwa pabwalo, ana osakhulupirira kuti mnyamata wa pa njinga uja ndi mkulu ameneyu. Zina za m'filimuyi ndi zochitikadi, zina n'zopeka, ndipo Mati sakuuzani pamene pali malire. Kusakaniza kotereku kunadzakhala chizindikiro chake.

Akufa abwera kudzatenga malipiro

Pa zaka zimenezi achinyamata a ku Senegal anali atasintha nyimbo. Mu 2011 ndi 2012 anadzaza misewu, ambiri potsatira gulu la Y'en a marre, kutanthauza kuti tatopa nazo, kukana kuti Pulezidenti Abdoulaye Wade alamulire kachitatu, ndipo Wade anagwa pa chisankho cha 2012. Filimu yoyamba yaitali ya Mati, Atlantique, imene analemba mothandizana ndi Olivier Demangel n'kuitulutsa mu 2019, inaphatikiza mibadwo iwiriyi, wothawa ndi wokana.

Nkhani ikuyambira pamalo pomwe akumanga nsanja yaitali m'mbali mwa nyanja ku Dakar. Anyamata omanga atha miyezi osalandira, ndipo akadandaula akungouzidwa kuti abwana kulibe. Mmodzi wa iwo, Souleiman, ali pa chibwenzi chobisa ndi Ada, mtsikana wa zaka 17 amene makolo ake amulonjeza kale kwa Omar, mwamuna wachuma amene nthawi zambiri amakhala ku Italy. Usiku wina atsikana akupita kumalo ovinira a kugombe kukakumana ndi zibwenzi zawo, n'kupeza kuli zii. Anyamata onse akwera bwato osatsanzika.

Wotsogolera wina akanakwera nawo bwatolo n'kutionetsa mafunde, ludzu ndi kulira. Mati anakana. Kamera yake ikutsala kumtunda ndi atsikana, akudikira foni imene sikulira. Nyanja tikuiona kawirikawiri, koma tili pagombe, pamene amaima otsala. Kwa ine mphamvu ya filimu yonse yagona pa chisankho chimenechi, ndipo ndikuona kuti n'chisankho cha munthu amene anaimapo kutsogolo kwa kamera, wodziwa mmene zimakhalira anthu akamakupenyerera. Sanafune kuti imfa ya anyamatawa ikhale chionetsero.

Kenako zinthu zikutembenuka. Usiku wa ukwati wa Ada, bedi latsopano la akwati likupsa popanda woona amene wayatsa, ndipo ena akuti amuona Souleiman. Atsikana akuyamba kutentha thupi. Pakati pa usiku akudzuka, maso atayera mbee, akuyenda opanda nsapato mpaka kunyumba kwa mwini nsanja, n'kukhala pa mipando yake yawofuwofu. Oyankhula mwa iwo ndi anyamata aja. Bwato linamira, ndipo abwera kudzatenga malipiro awo. Bwanayo atabweretsa ndalama kumanda, akumulamula kuti akumbe yekha manda awo, popeza nyanja sinawapatse pogona.

Ku Ulaya ambiri anaitcha filimu ya mizukwa. Woonera wa kuno sangadabwe nayo choncho, pakuti zoti munthu womwalira ali ndi dandaulo amagwira wamoyo n'kunena chimene akufuna si zachilendo kwa ife, ndipo ku Senegal, dziko la Asilamu ambiri, nkhani za majini n'zodziwika kwa aliyense. Chatsopano n'chakuti mizimu imeneyi sikupempha nsembe ya ufa kapena mowa. Ikufuna ndalama za miyezi imene inakhetsa thukuta. Ndipo malo amene Mati anasankha, Thiaroye, kunja kwa mzinda wa Dakar, ali ndi mbiri yake. Pa 1 Disembala 1944, gulu lankhondo la France linawombera ndi kupha kumeneko asilikali a kumadzulo kwa Africa amene anamenyera France pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene ankafunsa ndalama zawo zimene sanalipidwe. Ousmane Sembène anapanga filimu ya nkhaniyi mu 1988. Munthu wa ku Senegal akamva dzina la Thiaroye pamodzi ndi mawu oti malipiro, safunika kumumasulira.

Osewera ambiri sanali akatswiri. Mati anayenda m'misewu, m'malo omanga nyumba ndi m'mabala kufunafuna nkhope, ndipo Mame Bineta Sane, amene anasewera Ada, anali asanasewerepo m'filimu. Apa ntchito yakale inamuthandiza, chifukwa mantha a tsiku loyamba kutsogolo kwa kamera anali atawalawapo. Nsanja ija kulibe, anachita kuiika ndi kompyuta. Filimuyi ili ndi pofooka pake: nkhani ya wapolisi wofufuza za moto uja imakoka miyendo, ndipo woonera amatulukira chinsinsi wapolisiyo asanachitulukire. Koma zithunzi za Claire Mathon ndi nyimbo za Fatima Al Qadiri zimakugwira mpaka kumapeto.

Ku Cannes

Cannes ndi tauni ya m'mbali mwa nyanja kum'mwera kwa France. Chaka ndi chaka, nthawi zambiri mwezi wa Meyi, kumachitika chikondwerero cha mafilimu chotchuka kuposa zonse, chimene chinayamba mu 1946. Mafilimu ochuluka zedi amatumizidwa, koma olowa mumpikisano waukulu amakhala 20 kapena kupitirira pang'ono. Mu 2019 analipo 21, anayi okha otsogoleredwa ndi amayi, ndipo Atlantique inali m'gulumo. Mati Diop anakhala mayi wachikuda woyamba kulowetsa filimu mumpikisanowo, chikondwererocho chikuchitika kachi 72. Atolankhani atamufunsa, anati choyamba kumufikira chinali chisoni poona kuti zatenga nthawi yonseyi. Mphoto yaikulu, Palme d'Or, inapita kwa Parasite ya ku South Korea. Yotsatira, Grand Prix, anatenga ndi iye. Netflix inagula filimuyo, dziko la Senegal linaitumiza ku mpikisano wa Oscar, ndipo mu 2021 Mati anabwerera ku Cannes ali mmodzi wa oweruza, wapampando wawo ali Spike Lee.

Chiboliboli nambala 26

Mu Novembala 1892, asilikali a France otsogoleredwa ndi Alfred Dodds analowa mu Abomey, likulu la ufumu wa Dahomey, m'dziko limene lero ndi Benin. Mfumu Béhanzin inathawira kumpoto, kenako inadzipereka mu 1894, inatumizidwa ku Martinique ndipo inamwalira ku Algeria mu 1906. Asilikaliwo anatenga mipando yachifumu, zitseko zosemedwa za kunyumba ya mfumu ndi ziboliboli zikuluzikulu zoimira mafumu: Glele wa mutu wa mkango, Béhanzin wa thupi la nsomba ya shaki, ndi Ghezo. Zinthuzi zinakathera m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Paris, pomaliza ku Musée du quai Branly.

Kuzibweza kunali kovuta chifukwa lamulo la ku France limati katundu wa m'nyumba zoterezi ndi wa mtundu wonse, sangagulitsidwe kapena kuperekedwa kwa wina. Mu 2017 Pulezidenti Emmanuel Macron analonjeza ku Ouagadougou kuti zinthu ziyamba kubwerera kwawo. Lipoti la mu 2018 la Felwine Sarr wa ku Senegal ndi Bénédicte Savoy wa ku France linapeza kuti m'nyumba za boma la France muli zinthu pafupifupi 90,000 zochokera ku Africa ya kum'mwera kwa Sahara. Aphungu anachita kukhazikitsa lamulo lapadera mu 2020, ndipo mu Novembala 2021 zinthu 26 zinakwezedwa ndege kupita ku Cotonou. Owerenga a ku Zambia aidziwa bwino nkhani yotere: chigaza cha munthu wakalekale chimene chinafukulidwa mumgodi wa ku Kabwe mu 1921 chili ku London, ndipo boma la Zambia lakhala likuchiitanitsa kwa zaka zambiri.

Mati anatsatira zinthu 26 zimenezi ndi kamera n'kupanga filimu yotchedwa Dahomey. Filimu yoonetsa zochitika zenizeni nthawi zambiri imakhala ndi munthu wosaoneka wofotokoza, ndi akatswiri okhala pampando akuyankha mafunso. Mu Dahomey mulibe zimenezo. Tikuona amisiri akuyeza, akukulunga, akunyamula chiboliboli cha Ghezo n'kuchigoneka m'bokosi. Kamera ili m'bokosi momwemo. Chivundikiro chikutsekedwa, zomangira zikulira, pagalasi pali bii. Mumdima mukumveka mawu okhuthala, osadziwika ngati ndi a mwamuna kapena a mkazi, a m'chiyankhulo cha Fon cha ku Abomey. Ndi chiboliboli chija, chimene pa mndandanda chapatsidwa nambala 26, chikudzifunsa ngati kwawo akachizindikire, ndiponso ngati icho chikazindikire kwawo patatha zaka pafupifupi 130. Mawuwo analemba ndi Makenzy Orcel, mlembi wa ku Haiti, dziko limene makolo a anthu ake ambiri anatengedwa ukapolo kuchokera kugombe lomwelo. Pamenepa pali chowawa chosayenera kuchilumpha: ufumu wa Dahomey, ngakhale pa nthawi ya Ghezo yemweyo, unalemera ndi malonda ogulitsa anthu.

Gawo lalikulu la kumapeto ndi mtsutso wa ophunzira a pa yunivesite ya Abomey-Calavi. Mati anachita kuwasonkhanitsa yekha, kuwasankha monga amasankhira osewera, koma zimene akunena ndi zawo. Wina akuti kubweza 26 pa zinthu 7,000 ndi chipongwe. Wina akuti ayi, poyambira ndi pomwepa. Wina akuona kuti opindula ndi andale, Macron ndi Pulezidenti Patrice Talon. Ena akufunsa ngati zinthuzi n'zoika m'magalasi kuti anthu azidutsa akuziona, kapena n'zopatulika za chipembedzo cha Vodun zimene malo ake si amenewo. Ndipo pali odandaula kuti mtsutso wonsewu ukuchitika m'Chifalansa, chifukwa sukulu sinawaphunzitse m'ziyankhulo za makolo awo. Mati sakugamula mlandu. Amene anaonera 35 rhums angakumbuke kuti Joséphine nayenso anali m'kalasi ya pa yunivesite, akutsutsana ndi anzake za ngongole za mayiko osauka. Mtsikana amene anali pa benchi tsiku limenelo tsopano ndi amene akusankha woti kamera imuloze.

Filimuyi, ya mphindi 68 zokha, inapata Golden Bear, mphoto yaikulu ya chikondwerero cha ku Berlin, mu Febuluwale 2024, wapampando wa oweruza ali Lupita Nyong'o. Mati anakhala wotsogolera filimu wachikuda woyamba kuilandira.

Ndalama za kuti, oonera a kuti

Nyuzipepala za ku Paris zimamuwerenga ngati wawo, za ku Dakar nazo zimati ndi mwana wawo, ndipo dziko la Senegal linatumizanso Dahomey ku Oscar ngakhale nkhani yake ndi ya ku Benin. Pali funso limene limafunsidwa kwa aliyense wopanga mafilimu a ku Africa mothandizidwa ndi ndalama za ku Ulaya, ndipo si lopanda pake: filimuyo wapangira ndani, ngati oyamba kuionera ndi ovala masuti ku Cannes ndi ku Berlin? Atlantique inapangidwa mogwirizana ndi makampani a ku France, Senegal ndi Belgium, ndipo popanda dongosolo la ku France lija, filimu yaitali yoyamba ya wotsogolera, ya m'chiyankhulo cha Wolof, ya osewera osadziwika, ikanavuta kupezera ndalama. Mati anayankha ndi zochita. Atlantique inaonetsedwa ku Dakar mu Ogasiti 2019, miyezi iwiri isanalowe m'nyumba zoonetsera mafilimu za ku France. Kenako anakhazikitsa kampani yopanga mafilimu ku Dakar komweko, yotchedwa Fanta Sy, imene inapanga nawo Dahomey ndipo cholinga chake ndi kuthandiza achinyamata a ku Africa kulemba ndi kutsogolera mafilimu awoawo.